Ng'ombe zinayi ndi mpanda wa bwalo la ndege

Munda wa amalume uli kufupi ndi Lumbadzi, pansi penipeni pa njira imene ndege zimadzera zikamatsika kukatera pa bwalo la Kamuzu International Airport. Nthawi yopalira, mthunzi wa ndege umayenda pamwamba pa mizere ya chimanga ngati wa kabawi wamkulu, koma nkhuku za m'mudzimo zinaleka kalekale kuthawira m'tchire. Bwaloli linatsegulidwa m'chaka cha 1983, iwo ali kamnyamata koweta ng'ombe za atsibweni awo. Kuchokera nthawi imeneyo mkokomo wa ndege ndiwo wakhala wotchi yawo: ikamveka yochokera ku Addis Ababa dzuwa lili paliwombo, amadziwa kuti khasu liyenera kupuma. Komabe pa zaka zonsezi sanapondepo m'ndege, ndipo mpanda wa waya wozungulira bwalolo ankauona ngati malire a dziko la eni ake.

Dzina loti amalume linawakanirira chifukwa cha udindo. Iwo ndiwo mwinimbumba. Ana a alongo awo akadwala, akasowa fizi kapena akapalamula, nkhani imafikira pakhonde pawo. Chuma chawo aliyense m'mudzimo amachidziwa: ng'ombe zinayi, ngolo imodzi, ndi chigafa cha fodya chimene chimasangalatsa banja chaka chokhacho chimene mitengo yakoma ku okushoni ku Kanengo.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2019, mwana wamkazi wa mlongo wawo wamng'ono, amene anali Folomu 2 pa sukulu ya sekondale yoyendera, anawapatsa madzi osamba m'manja koma sanadzuke pamene anagwadapo.

"Amalume, ine ndikufuna ndidzayendetse ndege."

Maganizowa sanamubwerere usiku umodzi. M'mwezi wa Malichi 2017, Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege, anayendetsa ndege ya Malawian Airlines kupita ku Dar es Salaam, ndipo onse ogwira ntchito m'ndegemo tsikulo anali amayi. Aphunzitsi a Sitandade 8 anadula chithunzi chawo m'nyuzipepala n'kuchimata pakhoma la kalasi. Mtsikanayu anachiyang'ana chithunzicho mpaka chinafwifwa.

Amalume sanaseke, komanso sanayankhe. Amene anayankha ndi agogo, mayi awo a amalume, ali pamphasa chapatali. Iwo amakumbukira chaka cha 1974, pamene ndege ya Wenela imene inanyamula amuna obwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku Joni inagwa itangonyamuka kumene ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi. Kwa agogo, ndege inali chinthu chimene chimatenga amuna ndipo nthawi zina sichiwabweza. "Mdzukulu wanga asakwere chimenecho ndili moyo," anatero, n'kupitiriza kutongola chimanga.

Usiku umenewo amalume anawerenga ng'ombe zawo m'mutu kangapo. Anali okonzeka kugulitsa zonse ngati zimenezo n'zimene zikanatsegula chipata. Chimene sankadziwa n'chakuti chipatacho chili kuti, ndipo ndalamazo amapereka kwa yani.

Mayi wina, mlangizi wa zachitukuko m'deralo, ndiye anawagwira mkono. Sananamizire kudziwa za ndege. Anangoti, "Amalume, safunsa anadya phula. Musanaitane wogula ng'ombe, tiyeni tikaone munthu amene anaigwirapo ndegeyo ndi manja ake." Anawatengera kwa mkulu wina wopuma pa ntchito, amene anakhala zaka zambiri akukonza ndege ku Chileka m'masiku a Air Malawi, kampani imene inayamba mu 1964 n'kutsekedwa mu 2013. Anamupeza akumanga khola la nkhumba, zipangizo zake atazindandalika pa chiguduli mwa dongosolo lodabwitsa, chachikulu kutsogolo, chaching'ono kumapeto.

Mkuluyo anayamba ndi nkhani ya woyendetsa ndege, popeza ndiyo inawabweretsa. Anati malamulo a ntchitoyi sapangidwa ndi dziko limodzi. Bungwe la ICAO, limene linabadwa ndi pangano limene mayiko anasainirana ku Chicago mu 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal, ndilo limaika muyeso umene Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amatsata popereka ziphaso. Chiphaso choyamba, chotchedwa PPL, munthu angachipeze atakwanitsa zaka 17 ndiponso atauluka maola osachepera 40. Koma chimenechi n'chongoyendetsera ndege payekha kapena ndi abale. Palibe amene angakulipire nacho. Chiphaso cholembedwera ntchito ndi CPL, chimene chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati waphunzira pa sukulu yovomerezeka motsata ndondomeko yonse. Pamwamba pake pamafunikanso chilolezo choyendetsa ndege m'mitambo pamene pansi sipakuoneka, chilolezo cha ndege ya injini ziwiri, kenako maphunziro apadera a mtundu uliwonse wa ndege yaikulu imene munthu akagwirepo ntchito. Mpando wa kaputeni wa ndege zazikulu zonyamula anthu umafuna chiphaso cha ATPL: zaka 21 ndi maola 1,500.

"Ola lililonse la pa maola oyambirirawo, mumalipira ndinu," anatero mkuluyo. "Mafuta a ndege, mphunzitsi, ndegeyo, zonse." Anawauza kuti achinyamata ambiri a m'chigawo chino amakaphunzira ku South Africa, pa sukulu monga 43 Air School ya ku Port Alfred, ena ku Addis Ababa pa sukulu ya Ethiopian Airlines, enanso ku Kenya, ndipo mtengo wake kufika pa CPL umawerengedwa m'madola zikwi makumi angapo. Amalume anafunsa kuti zimenezo ndi ng'ombe zingati. Mkuluyo anayang'ana kumbali, n'kunena kuti ngakhale khola la mfumu yaikulu likhoza kutha maphunziro asanafike pakati.

Ndipo mavuto sathera pa chiphaso. Pakati pa maola 200 ndi 1,500 pali chigwa chachikulu chimene ambiri amagweramo. Ena amachiwoloka pophunzitsa anzawo kuyendetsa ndege, ena pouluka ndi tindege tating'ono tonyamula alendo okaona nyama ku Maun m'dziko la Botswana kapena ku Mfuwe ku Zambia, pa malipiro ochepa. Ena amabwerera kwawo ndi chiphaso m'thumba, n'kukhala zaka akudikira, chiphasocho chikufuna ndalama zina kuti chisathe mphamvu. Njira zimene mwana wa mlimi angadutse popanda chuma zilipo, koma n'zopapatiza: kulowa usilikali, kumene boma limaphunzitsa oyendetsa ndege zake koma munthu amakhala msilikali poyamba ndi pomaliza, kapena kusankhidwa pamene kampani ya ndege kapena boma lalengeza kuti likufuna achinyamata oti liwaphunzitse. Mwayi wotere sumabwera chaka chilichonse, ndipo ukabwera umagwera amene anakhoza bwino masamu, Physics ndi Chingerezi.

Amalume anafuna kutsanzika. Mkuluyo anawakhazikanso pansi.

"Inu mwaona munthu mmodzi wa pachithunzi. Kodi ndege ija ya masana mukuganiza kuti amainyamula ndi anthu angati?"

Apa m'pamene anatsegula nkhani imene amalume amaibwereza mpaka lero kwa aliyense wofuna kumva. Ndege siinyamuka ngati injiniya wokhala ndi chiphaso sanasaine m'buku kuti ili bwino. Ngolo ikathyoka tayala, mwini wake amaiimika pambali pa msewu n'kumasula ng'ombe. M'mwamba mulibe pambali pa msewu. N'chifukwa chake wokonza ndege amawerenga masipanala ake asanayambe ntchito ndiponso akamaliza, ndipo limodzi likasowa ndege imaima mpaka lipezeke. Pamenepo amalume anamvetsa za zipangizo za pachiguduli zija. Chiphaso cha ntchitoyi chimafuna zaka 18, mayeso a za injini, thupi la ndege kapena magetsi ake, ndi zaka zingapo munthu akugwira ntchito pansi pa wodziwa. Malamulo a ICAO amatchula zaka 4 kwa wofuna kusainira ndege yonse, ndipo zimachepa kwa amene wadzera pa sukulu yovomerezeka. Ku Lusaka kuli sukulu ya ZASTI imene yaphunzitsa ambiri ntchito zoterezi. Ambiri amayambira pa luso la magetsi kapena la makina pa sukulu za ntchito zamanja, asanapite ku maphunziro a ndege enieniwo.

Mu nsanja yaitali ija imene imaoneka kuchokera kumunda mumakhala oongolera ndege, amene amauza woyendetsa nthawi yotsika, yodikira ndi yonyamuka. Chiphaso chawo chimafuna zaka 21, mayeso a dokotala, mutu wosasokonezeka ndi lilime losachita chibwibwi pa wailesi. Kuyambira mu 2008, oyendetsa ndi oongolera ndege za pakati pa mayiko amayesedwa Chingerezi cholankhula ndi kumva, ndipo ayenera kufika pa muyeso wachinayi mwa miyeso isanu ndi umodzi. Chingerezi chongolemba pa mayeso sichikwanira, chifukwa mawu amodzi omveka molakwika angathe kuika ndege ziwiri pa msewu umodzi. Boma la Malawi lili ndi sukulu yake ya za ndege ku Lilongwe, ndipo ena amakapitiriza ku East African School of Aviation ku Nairobi.

Palinso a zanyengo. Nthambi yomweyo imene imalengeza pa wailesi za m'mene mvula igwere chaka chino ndiyo imene imauza woyendetsa ndege kumene mphepo ikuchokera ndi kutalika kwa mitambo. Amalume, amene amadziwa mvula poyang'ana kumene mitambo yaunjikana, anadabwa kumva kuti kuwerenga mitambo ndi ntchito ya malipiro, yofuna masamu, Physics ndi Geography. Pali ozimitsa moto, amene lamulo limafuna kuti afike paliponse pa msewu wa ndege mphindi zitatu zisanadutse. Pali owerengera kulemera kwa katundu ndi anthu kuti ndege isapendekeke, okonza ma radar ndi mawailesi, oona za chitetezo, othira mafuta, ndi ophika chakudya cha m'ndege. Atsikana ndi anyamata ovala bwino amene amalandira anthu pakhomo la ndege, ambiri amawayesa operekera tiyi, koma chimene amaphunzira kwenikweni ndi kuthandiza wodwala mwadzidzidzi, kuzimitsa moto ndi kutulutsa anthu onse m'ndege mwachangu pa ngozi. Kwa iwo makampani ambiri amafuna satifiketi ya Folomu 4, Chingerezi chabwino, thanzi, ndi kudziwa kusambira.

Amalume anatchula za mantha a agogo. Mkuluyo anakhala chete pang'ono. Kenako anati ndege ya ku Francistown ija inagwa chifukwa m'mafuta ake munasakanikira mafuta a mtundu wina, osayenera injini zake. Vutolo linachitikira pansi, ndege isananyamuke. "Kawauzeni mayi anu kuti ntchito ya pansi si ya anthu olephera. Amuna aja akanafika kwawo mafuta aja akanayesedwa bwino."

Potsanzikana, mkuluyo anawapatsa malangizo awiri okha, ndipo onse anali otsika mtengo poyerekeza ndi ng'ombe zinayi. Loyamba: mwanayo asasiye masamu ndi Physics polowa Folomu 3, chifukwa zipata pafupifupi zonse zimene anatchulazo zimatsekedwa tsiku limene wophunzira wasankha maphunziro, zaka zambiri asanaone ndege pafupi. Lachiwiri: akapimitse maso ndi makutu msanga. Woyendetsa ndege wolembedwa ntchito amafunika kudutsa mayeso okhwima a dokotala wovomerezedwa, oona mtima, maso, makutu ndi matenda monga shuga ndi khunyu. Nyali ya ku phiko lakumanzere kwa ndege ndi yofiira, ya kumanja ndi yobiriwira, ndipo pali anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa mitundu iwiriyi koma iwo eni sadziwa. Mabanja ena amadzamva zimenezi atagulitsa kale munda.

Langizo loyambalo ndilo linali lovuta. Pa sukulu ya mtsikanayo panalibe chipinda choyeseramo za sayansi, ndipo atsikana a Folomu 3 ankalangizana okhaokha kuti Physics ndi ya anyamata, yongoononga mapointi. Ichi ndi chizolowezi chimene chawononga tsogolo la ana ambiri a kumidzi mwakachetechete, popanda wina kuitanidwa kubwalo la mfumu. Makolo amakangana za fizi ndi yunifolomu, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti mwana wasankha maphunziro ati, ndipo makomiti a sukulu amamanga zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi, zimene n'zofunikadi, osafunsapo kuti Physics akuphunzitsa ndani. Amalume anagulitsa ng'ombe imodzi, mtheno wokalamba, n'kutumiza mwanayo kwa achibale mu mzinda wa Lilongwe, kumene anapeza malo pa sukulu yokhala ndi zipangizo.

Ulendo wa kuchipatala cha maso unabweretsa misozi. Mitundu ankaiona bwino, koma anapezeka kuti saona bwino zinthu zakutali, ndipo anamulembera magalasi. Mayi ake analira njira yonse, poganiza kuti zonse zathera pomwepo. Amalume anabwereranso kwa mkulu wa khola la nkhumba uja, amene anaseka n'kunena kuti oyendetsa ndege ovala magalasi ndi ambirimbiri. Lamulo limangofuna kuti ndi magalasiwo munthu aone kufika pa muyeso woikidwa, ndiponso kuti azinyamula ena apadera. Chimene palibe amene anachiyembekezera n'chakuti masamu a mtsikanayo anakwera teremu yomweyo. Zaka zonsezo ankakhala kumbuyo kwa kalasi, akukopera za pabolodi kwa mnzake.

M'chaka cha 2020 kumunda kunakhala zii. Mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo a ndege zonyamula anthu kwa miyezi ingapo, masukulu anatsekedwa, ndipo padziko lonse oyendetsa ndege ndi antchito anzawo zikwi zambiri anakhala pakhomo. Amalume anasokonezeka ndi nthawi yoweruka. Anaonanso ndi maso awo kuti ntchito za ndege, ngakhale zimaoneka zapamwamba, zimafota msanga ngati fodya wosowa mvula, ndipo anayamikira kuti mwanayo akuphunzira zinthu zimene zingamudyetse ngakhale kunja kwa mpanda.

Mtsikanayo analemba mayeso a MSCE mu 2021. Anakhoza masamu, Physics ndi Chingerezi mokwanira, ngakhale dzina lake silinamveke pa wailesi. Mwayi wophunzira kuyendetsa ndege sunaoneke. Umene unaoneka unali uthenga wa pa WhatsApp, wokhala ndi chithunzi cha ndege yokongola, wolonjeza ntchito ya m'ndege kunja kwa dziko kwa aliyense wotumiza ndalama yolembetsera pa foni Lachisanu lisanafike. Achinyamata angapo a m'deralo anatumiza. Amalume, amene zaka ziwiri m'mbuyomo akanathamangira kukhola, anafunsa mafunso atatu amene anaphunzira: ofesi yawo ili kuti, akuluakulu oona za ndege m'boma akuwadziwa kodi, ndipo n'chifukwa chiyani wolemba ntchito akufuna kulipidwa m'malo molipira? Nambalayo inasiya kuyankha. Mlangizi uja anatenga mafunso atatuwo n'kumawabwereza pa misonkhano ya magulu a banki m'khonde, popeza ndalama zambiri zimene zimapita kwa akathyali otere zimakhala ngongole za amayi.

Mlangiziyo ndiyenso anawakumbutsa kuti ndege si za apaulendo okha, ndipo zina zimagwirira ntchito mlimi. Bungwe lolimbana ndi dzombe lofiira m'chigawo chino cha Africa, limene likulu lake lili ku Ndola, limagwiritsa ntchito ndege pofufuza ndi kupopera dzombe m'madambo monga a ku Nyanja ya Chilwa ndi ku Kafue lisanabalalike m'minda. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, chakudya ndi mankhwala zinafika m'midzi ina pa helikopita basi. Ndipo pali tindege topanda munthu m'kati, totchedwa ma drone. Mu 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe kupanga ndi kuyendetsa tindegeti komanso kuwerenga zithunzi zimene timajambula. Tindege totere tanyamulapo mankhwala ndi magazi okayezetsa pakati pa zipatala za kumidzi, ndipo timatha kuonetsa malo amene madzi osefukira afika. Natonso timafuna munthu wodziwa masamu, magetsi ndi kompyuta.

Mtsikanayo analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira za magetsi. Anali mmodzi mwa atsikana ochepa m'kalasimo. Anamaliza, ndipo tsopano amagwira ntchito yoika magetsi a dzuwa pa zipatala zing'onozing'ono ndi pa mipope yothirira mbewu. Makalata opempha malo ophunzirira kukonza ndege walemba kawiri, ndipo yankho silinabwere. Mafomu a ulendo wachitatu anadzaza kale. Ali mu envulopu imene amalume amasunga pansi pa zovala m'sutikesi, pamodzi ndi ziphaso zake ndi pasipoti imene anamutengera atagulitsa mabelo awiri a fodya. Zoyendetsa ndege sanazitaye, koma amazitchula mosamala tsopano, ngati munthu wodziwa mtengo wa ola limodzi.

Amalume nawo ali ndi pamene mtima umawawawa. Nthawi zina amadzifunsa ngati sanachepetse loto la mwana ndi mantha awo a ngongole, ndipo mlongo wawo anawauzapo poyera kuti ana a anthu olemera safunsidwa kuti ayambe aika magetsi a dzuwa. Iwo sanatsutse.

Akabwera kumudzi pa tchuthi, mtsikanayo amapita nawo kumunda. Ndege ya masana ikamatsika, amawaonetsa mateyala akutuluka ndi mapiko akutambasuka chakumbuyo, n'kuwafotokozera chifukwa chake ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo. Mu Disembala wapitayu agogo anawatsatira ndi ndodo yawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda. Ndege itadutsa, anaitana mdzukulu wawo n'kumufunsa kuti amene amayesa mafuta aja amaphunzira zaka zingati.